Mikisa ikununkha kupsa pa dough ya buledi, ndigule breadmaker?

Nachisale:
Abale thandizani msanga. Oda ndi malofu 12 tsiku lililonse, 6 koloko m'mawa akhale atafika. Mikisa ndi ya mbale ya malita 5, hook ya dough. Ndimaika fulawa 2 kg, madzi ofunda 1.1 L, yisiti mapaketi atatu a 10 g, shuga 100 g, mchere 35 g, majarini 60 g. Sipidi 4, mphindi 15. Ikamafika mphindi 8 mutu ukugwedera, pamwamba sipagwirika kutentha, fungo la waya wopsa, kenako yazima yokha. Ndabwereka breadmaker, makina okanda ndi kuphika buledi okha, kuti ndiyese, buledi wakwera bwinobwino kenako wachita dzenje pamwamba. Pali wina akugulitsa ma breadmaker awiri akale pa Facebook. Nditenge? Za spiral, mikisa yaikulu ya m'mabekale, musandiuze, ndalama zake kulibe.

aPhiri a ku Zingwangwa:
Tengani onse awiri, mayi. Koma musamaphikiremo. Ikani pa dough cycle, pulogalamu yokonza dough osaiphika, akande okha, inu mutulutse, muumbe, muike m'matini, muphike mu uvuni wanu. Breadmaker inapangidwira kukanda buledi basi. Mikisa ya m'nyumba inapangidwira makeke ndi kirimu, hook anangoikapo kuti agulitse.

Nangozo:
Tisanafike kogula, taonani manambala anu, achemwali. Madzi 1.1 L pa fulawa 2 kg ndi 55%. Imeneyo ndi dough youma kwambiri, ngakhale manja angadandaule. Buledi wa m'tini amafuna 60 mpaka 65%, ndiye kuti 1.2 mpaka 1.3 L pa 2 kg. Chachiwiri, 2 kg ya fulawa ikaphatikizana ndi madzi ndi zina zonse ikudutsa 3 kg, ndipo mbale ya malita 5 siyinyamula zimenezo. Kuti dough yalowa m'mbale sizitanthauza kuti mota ikwanitsa. Pa mikisa ya kukula kumeneko musapitirire 1 kg ya fulawa, ndipo ngati buku lake lalemba zochepera, mverani bukulo. Chachitatu sipidi 4. A KitchenAid, opanga mikisa, amalemba poyera kuti dough ya yisiti ikandidwe pa 2 basi. Pa Kenwood ndi pakati pa min ndi 1. Mukakweza sipidi dough imakwera hook n'kumazungulira nayo limodzi, mutu n'kumadumpha.

Amisiri a mamota:
Fungo mukulimvalo ndi vanishi ya pa mawaya a mota. Yazima yokha chifukwa muli ka thermal cut-out, kodula magetsi mota ikatentha, kakutetezani. Koma musamakadalire. Nthawi iliyonse ikafika potentha chonchi vanishi imauma n'kuyamba kusweka, tsiku lina mawaya agundana, basi yapita, ndipo kukulunganso mota yaing'ono ngati imeneyo nthawi zambiri sikupindulitsa.

Musanaiyatsenso chitani izi. Chotsani pulagi, isiyeni ola lathunthu. Yatsani yopanda kanthu mumvetsere. Ikamalira mosalala ili bwino. Ikamachita "kho kho kho" pa malo amodzimodzi pozungulira, giya yathothoka mano. Mikisa yambiri muli giya imodzi ya nayiloni yomwe anaipanga dala kuti izifa iyo m'malo mwa mota, ndiye musamuone ngati wakuba mmisiri akakuuzani kuti giya ndi ya pulasitiki. Ndipo musalole kuti akusulireni yachitsulo m'malo mwake, mukatero chofa chotsatira ndi mota. Onaninso ma carbon brush, timakala topititsa magetsi m'kati mwa mota. Akatsala aafupi mumaona moto wambiri pa timipata ta mpweya ndipo mphamvu imachepa. Ngati girisi wakuda akudontha pamene hook imalowa, musakandiremo za malonda mpaka atsukidwe n'kuikamo girisi wa food grade.

aPhiri a ku Zingwangwa:
Mwamva? Giya, brush, girisi. Breadmaker ilibe zonsezo. Mota, lamba, paddle yokandira, kwatha.

Amisiri a mamota:
Achimwene, lambayo ndiye amafa. Akakalamba amayamba kuterereka, mota ikulira koma paddle sikuzungulira. Ndipo pansi pa pani pali shaft ndi seal. Seal ikatha madzi amatsikira pa bearing, dzimbiri, shaft n'kugwira. Ya kaunjika yambiri imabwera seal itatha kale chifukwa eni ake ankanyika pani yonse m'madzi potsuka. Pani yatsopano ya mtundu womwewo mudzaipeza kuti kuno? Wogulitsayo akalola, thirani kapu ya madzi m'pani, muiike pa pepala mphindi khumi. Pepala likanyowa, kapena mukaona mafuta akuda kunsi, isiyeni. Zungulizani shaft ndi zala, iziyenda mosavuta koma isamagwedere cham'mbali.

Namwali wa mabanzi:
Tiyeni tiwerengere, chifukwa apa nkhani ndi nthawi. Malofu 12 a fulawa 500 g lililonse ndi 6 kg. Breadmaker ya m'nyumba imatenga 500 g, ina 600 g. Pulogalamu ya basic imadya maola atatu, ina anayi. Makina awiri, maulendo asanu ndi limodzi, maola 18 osagona. Zimenezo zakanika kale. Pa dough cycle ndi ola ndi theka, kapena theka la ola ngati mukutulutsa ikangomaliza kukanda. Maulendo asanu ndi limodzi a theka la ola ndi maola atatu, ndipo makina ambiri akatentha amakana kuyambanso, amalemba error mpaka azizire. Mikisa yanu yomweyo, pa 1 kg ulendo uliwonse, ndi maulendo asanu ndi limodzinso, yokha. Ndiye mukugula chiyani kwenikweni?

aPhiri a ku Zingwangwa:
Mukugula mtendere. Muponyamo zinthu, mutseka, mupita kukachita zina. Mikisa imafuna muime pomwepo.

Nangozo:
Mtendere wake uti pomwe theka la ola lililonse mukuyeza zinthu zisanu ndi chimodzi kawiri?

Achemwali, nayi njira yoti mikisa isavutike. Pa ulendo umodzi: fulawa 1,000 g, madzi 630 g, mchere 18 g, shuga 50 g, majarini 30 g, yisiti ya instant 10 g. Zonse pa sikelo, madzi omwe, kapu imanama. Sakanizani fulawa ndi madzi okha ndi supuni kapena dzanja mpaka pasaoneke fulawa wouma, vundikirani, siyani mphindi 20 mpaka 30. M'nthawi imeneyo fulawa amamwa madzi ndipo gluten, puloteni wopangitsa dough kutanuka, amayamba kulukana yekha, ntchito yomwe mota ikanaichita ndi thukuta. Kenako thirani yisiti, shuga ndi mchere, sipidi yotsika mphindi zitatu, onjezani majarini wofewa, mphindi zina zitatu. Zimitsani. Dulani kachidutswa, tambasulani pang'onopang'ono pakati pa zala. Ikapyapyala mpaka kuwala kuonekera isanang'ambike, yakwana. Ikang'ambika msanga musayatsenso, ipumitseni mphindi 15 muipinde ndi manja kanayi, kuchokera m'mbali kubwera pakati. Pamene mikisa ikupuma, fulawa wa ulendo wotsatira akhale akumwa madzi m'beseni lina.

Majarini pomaliza n'chifukwa choti mafuta akakuta fulawa poyamba, gluten amachedwa kugwirana, kukanda n'kutalika.

Gogo wa tiyi rumu:
Ana inu mukusiya chachikulu. Madzi ofunda mwezi wotentha uno? Dough ikamatuluka m'mikisa ikhale pa 24 mpaka 26°C. Kukanda kwa makina pakokha kumatenthetsa. Werengani chonchi: 25 kuchulukitsa katatu ndi 75. Chotsani kutentha kwa fulawa, kwa m'khitchini, ndi komwe mikisa imaonjezera pokanda, komwe tingayambe ndi 10. Fulawa 30, khitchini 31, mikisa 10, zatsala 4. Ndiye kuti madzi a m'fuliji, ena oika ayisi. Mu June mungafune ofundirapo, mu October ayi. Mukayeza dough yoyamba ndi thermometer mudziwa ngati 10 ija muikweze kapena muitsitse.

Ndipo yisiti 30 g pa 2 kg yachuluka. Kuno kumtunda, Blantyre ndi Lilongwe tili pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja ya mchere, Mzuzu ndi Dedza kuposerapo, dough imafufuma msanga kuposa mmene mabuku olembedwera m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja amanenera. Nyengo yotentha 7 kapena 8 g pa kilo ikwana.

Nachisale:
Dzenje la mu breadmaker lija nanga? Ndinaika fulawa 500 g, paketi yonse, madzi 350 ofunda.

Gogo wa tiyi rumu:
Ndi lomwelo. Paketi ya 10 g pa 500 g ndi kawiri muyezo wake. Pamafunika 4 kapena 5 g, madzi 300 mpaka 320, ozizira. Makinawo sayang'ana dough, amayang'ana wotchi. Dough ikafika pachimake mphindi 20 nthawi yophika isanakwane, imangopitirira kutupa, gluten n'kutopa, moto ukayaka pakati n'kuphwa. Ndi mikisa ndi uvuni mumaona nokha: dinani ndi chala, dzenjelo likamabwerera pang'onopang'ono osafika pomwe linali, lowetsani mu uvuni. Likapanda kubwerera mwachedwa.

aPhiri a ku Zingwangwa:
N'chifukwa chake ndikuti dough cycle. Simundimva. Wotchi yake ilibe ntchito ngati mukutulutsa nokha.

Namwali wa mabanzi:
Tinakumvani poyamba paja, aPhiri. Pa banja lofuna lofu imodzi m'mawa palibe akutsutsa, makinawo ndi abwino. Pa oda ya 12 ayi. Ndipo palibe watchula magetsi. Akathima pakati pa pulogalamu, breadmaker imakumbukira pomwe inali kwa mphindi zochepa chabe, ina 5, ina 10 kapena 15. Zikadutsa imayambira pa ziro, ndipo simungaiuze kuti "pitiriza pa kufufumitsa kwachiwiri". Mungopulumutsa ngati ili ndi bake only, pulogalamu yongophika, ndipo magetsi abwera dough isanapitirire. Magetsi akathima uli pa mikisa umangotulutsa dough n'kumaliza pa tebulo.

Amisiri a mamota:
Pa zamagetsi zomwezo, tembenuzani makinawo muwerenge chomata cha kunsi musanapereke ndalama. Kuno ndi 230 V, 50 Hz. Ochokera ku UK pulagi yake ndi yathu yomweyi, a ku South Africa mungosintha pulagi. A ku America ndi 120 V, a ku Japan 100 V. Mukalowetsa pa soketi yathu ndi adaputa chabe, bodi ya zamagetsi ya m'kati imapsa nthawi yomweyo. Ndi thiransifoma amayaka, koma ikhale yoposa mawatsi olembedwa pamakinawo, poti heater yokha imakoka cha m'ma 500 W. Tithiransifoma ta pa shaver sitigwira.

Pa inverter samalani kwambiri. Ya modified sine wave, yomwe magetsi ake sasalala ngati a pure sine, imatenthetsa mota ndipo imasokoneza ma bodi oyendetsa sipidi. Mikisa ikamayamba ili ndi dough m'kati imakoka mphamvu yoposa yolembedwa, inverter yaing'ono imadula. Magetsi akangobwera dikirani pang'ono musanayatse chilichonse cha bodi.

Nangozo:
Chenjezo lina pa njira ya maulendo asanu ndi limodzi. Dough yoyamba ndi yomaliza zimasiyana maola awiri kapena kuposa. Musazisakanize. Uvuni wa m'nyumba umatenga matini anayi, ndiye maulendo awiri a mikisa akhale ulendo umodzi wa uvuni, ndipo lembani nthawi pa beseni lililonse. Uvuni 200 mpaka 220°C, mphindi 30 mpaka 35, m'kati mwa lofu mufike 93°C kapena kuposerapo pang'ono. Pakati pa nthawi sinthani matini, akumbuyo abwere kutsogolo. Musaike m'jumbo buledi asanazizire, thukuta limafewetsa khungu ndipo nkhungu imafulumira.

Ena amakanda madzulo, yisiti 5 g pa kilo, n'kugoneka dough m'fuliji, m'mawa kungoumba. Kakomedwe kamakhala bwino kuposa. Koma 6 kg ya fulawa ndi dough ya pafupifupi 10 kg, fuliji ya m'nyumba imatenga maola kuti iiziziritse pakati, ndipo magetsi akathima usiku mudzapeza yasefukira ndi kununkha mowa. Igaweni m'zotengera zosazama.

Gogo wa tiyi rumu:
Fulawa mukugwiritsa uti? Ngati pathumba palembedwa cake flour, kandani mpaka mawa, sadzagwira mpweya ngati bread flour. Wa buledi amakhala ndi puloteni cha m'ma 12%. Ndipo wopimitsa pa kilo mumsika simudziwa thumba lomwe wachokera. Finyani m'dzanja, akagwirana ngati chibuma ndiye kuti wanyowa, chepetsani madzi pang'ono. Akanunkha chinyontho musamutenge.

Namwali wa mabanzi:
Agogo, pa cake flour ndikutsutsani pang'ono. Mabanzi ndi buledi wofewa wa tiyi amatheka ndithu, kungoti madzi atsike cha pa 58% ndipo musadikire kuti afufume mpaka kudutsa kwambiri mlomo wa tini. Improver, ufa wothandiza dough kufufuma bwino, imathandiza, koma muyezo ndi wa papaketi, osati wa m'maso. Ikachuluka dough imalimba n'kumang'ambika poumba.

Gogo wa tiyi rumu:
Mabanzi inde. Lofu yodula ndi mpeni wa makina iphwanyika.

aPhiri a ku Zingwangwa:
Ine ndanena. Mikisa imeneyo isanafike Khirisimasi mudzandikumbukira. Awiri aja akatsala, mayi, nditumizireni linki.

Wa ku Luchenza:
Pepani kulowerera. Amisiri, pa mikisa ya 1,000 W yolembedwa, inverter ya 1.5 kVA pure sine ndi mabatire awiri a 100 Ah ingakande 1 kg maulendo angati? Kwathu kuno akumathima kuyambira 4 koloko m'mawa.

Amisiri a mamota:
1,000 W yolembedwayo ndi ya pachimake, pa sipidi yotsika siifika pamenepo. Batire si vuto pa mphindi zisanu ndi imodzi, vuto ndi poyambira. Mabatirewo ndi a lead kapena lithium, ndipo fuliji ili pa laini yomweyo?