Kodi kumangirira mfuti yaing'ono pa kakolo n'koyenera kuno kunyanja?

Wampunga wa ku Linga

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za mfuti. Ine ndimagula mpunga kwa alimi a m'madambo a kuno ku Nkhotakota n'kukaugulitsa ku Salima ndi ku Lilongwe, ndipo popeza alimi ambiri amafuna kulandira ndalama pamanja, ndimayenda ndi ndalama zochuluka mumsewu wa M5, nthawi zina mpaka kutada. Ndili ndi pistol yaing'ono imene ndinaipeza motsata malamulo, ndipo laisensi yake ili m'malo mwake. Vuto langa n'lakuti ndikaiika m'chiuno imaonekera pansi pa malaya, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha sikulola munthu kuvala jekete, ndipo sindifuna kuti alimi amene ndimachita nawo malonda aziganiza kuti ndabwera kudzawaopseza. Ndamva kuti pali holster (kathumba koikamo mfuti) yomangirira pa kakolo mkati mwa buluku, ndi ina yolowetsa mu jombo. Kodi zimenezi zimathandizadi, nanga munthu ayenera kusamala chiyani?

Wopuma pa ntchito, Senga Bay

Achimwene, ndikuyankhani monga munthu amene anakhalitsa pa ntchito ya chitetezo. Holster ya pa kakolo imayenera kwambiri mfuti yachiwiri, imene munthu amathawirako yaikulu ikakanika, ndipo ndi mmene apolisi ena a ku America amaigwiritsira ntchito. Wogwiritsa dzanja lamanja amaimanga mkati mwa mwendo wamanzere, pamwamba pang'ono pa fupa la kakolo, chogwirira chitaloza kumbuyo, kuti dzanja likatsika likachipeze mosavuta.

Choyamba muganizire kulemera. Mfuti ya Ruger LCP siifika magalamu 300 ikakhala yopanda zipolopolo, ndipo volovolo ya Smith & Wesson 642, imene imalowa zipolopolo 5 za .38 Special, imangopitirira pang'ono magalamu 400. Koma Glock 26 ikadzaza zipolopolo zake 10 imadutsa magalamu 700, ndipo kulemera kotere pa mwendo umodzi kumasintha kayendedwe ka munthu, moti woyang'anitsitsa amaona kuti mwendo wina ukukokeka. Simunatiuze mtundu wa mfuti yanu, koma ngati ili ya gulu lolemerali, mwendo wanu udzatopa nayo dzuwa lisanapendeke.

Chachikulu kwa ine ndi nthawi imene imatha poisolola. Muli chiimire, muyenera kubweza mwendo wamanja m'mbuyo kapena kugwada, dzanja lamanzere likwinye buluku m'mwamba, lamanja limasule kalamba kotsekera ndi kusolola. Manja onse awiri atanganidwa, mutu wawerama, ndipo simungathawe kapena kukankha munthu amene wakufikani pafupi. Tsono inu ntchito yanu yambiri mumaigwira chiimire pa sikelo, mutazunguliridwa ndi anthu, mwina dzanja lina litagwira chikwama cha ndalama. Pamalo otero mfuti ya pa kakolo ili kutali nanu kwambiri. Pamene imaposa ya m'chiuno ndi m'galimoto, chifukwa munthu akakhala pansi lamba wa mpando amapinga chiuno pomwe kakolo ali pafupi ndi dzanja. Ngakhale pamenepo kumbukirani kuti mwendo wamanzere womwewo ndi umene umaponda kilatchi, choncho simungaukweze galimoto ikuyenda. Maganizo anga ndi akuti ngati mfuti muli nayo imodzi yokha, mufune holster yolowa mkati mwa buluku m'chiuno, lamba wolimba, ndi malaya otakasuka osapisira.

Mlimi wa nzimbe, Dwangwa

Ndikugwirizana ndi akulu a ku Senga Bay, koma ndiwonjezere za nthaka yathu, chifukwa zida zimenezi anazipangira anthu oyenda pa simenti. Kakolo ndi pamene pamafikira fumbi lonse la m'njira, ndipo kuno kunyanja fumbi lathu ndi losakanikirana ndi mchenga. Mukayenda tsiku limodzi m'midzi ya m'mbali mwa Bua kapena ku Chia, madzulo mukavula sokosi mudzaona mzere wofiira pamene buluku amalekezera, ndipo dothi lomwelo likhala litalowa mu mfuti n'kumatirira pa mafuta ake. Pistol imene chitsulo chake chapamwamba chimayenda m'mbuyo ndi m'tsogolo ikhoza kukakamira ndi mchenga wotere. Onjezanipo thukuta, limene lili ndi mchere ndipo limabweretsa dzimbiri msanga, komanso madzi a m'dzinja pamene munthu amakakamizika kuwoloka pamalo posefukira. Woivala pa kakolo ayenera kuipukuta ndi kuiyang'ana madzulo alionse, atayamba wachotsa magazini (kabokosi ka zipolopolo) ndi kutsimikiza kuti m'kati mulibe chipolopolo.

Za jombo ndikuchenjezeni mwamphamvu, achimwene. Musayerekeze kuponya mfuti mu gambuti yopanda holster, ngakhale kwa kanthawi kochepa. Imatsetserekera pansi, imatembenuka, ndipo kachitsulo kowombera kamakhala poyera pomwe kukamwa kwa mfuti kwaloza phazi lanu. Holster iliyonse imene mungagule iyenera kuphimba kachitsulo kameneka kotheratu ndi chinthu cholimba, ndipo ikhale yosokedwera mtundu wa mfuti yanuyo. Ya pa kakolo ikhale ndi lamba wachiwiri womanga pamwamba pa katumba kuti isamatsike, ndipo muziivala pamwamba pa sokosi yaitali, apo ayi khungu limanyuka ndi kutentha kwathu kuno.

Mayi a ku Chipoka

Bambo, ine za mitundu ya mfuti ndisiyira abambo awiriwa, koma ndikufuna muganizire mmene timakhalira. Inu mukufuna kubisa mfuti kuti alimi asaope, komatu mukafika pakhomo pa mlimi adzakuyalirani mphasa kapena kukupatsani kampando kafupi, ndipo mukangokhala buluku amakwera yekha mpaka pa msongolo. Chimene mumabisa chija chidzaonekera kwa aliyense amene wakhala pansi moyang'anana nanu, ndipo mbiri yakuti wogula mpunga uja amabisa mfuti pa mwendo idzayenda mofulumira kuposa galimoto yanu. N'chimodzimodzi pa maliro, pa njinga yamoto ya kabaza, ndiponso kwa abale athu achisilamu amene amavula nsapato ndi kusambitsa mapazi asanalowe mu mzikiti.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ana. Mwana wokwawa kapena wongoyamba kuyenda akathamangira bambo ake amagwira mwendo, pomwepo pamene pali mfutiyo. Ndipo mukafika kunyumba mutatopa, chinthu chimene chakhala chikukufinyani tsiku lonse mudzafuna kuchivula pamodzi ndi nsapato pakhomo. Mfuti isatsale pamene pamatsala nsapato. Ipite molunjika m'bokosi lachitsulo lokhoma, zipolopolo zikhale pazokha. Komanso alimi ambiri tsopano ali ndi Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mukawalimbikitsa kulandirira pa foni, ndalama zoyenda nazo zidzachepa.

Wopuma pa ntchito, Senga Bay

Mayi anena zoona, ndipo andikumbutsa za zipata za apolisi za mumsewu wa M5. Akakuimitsani, manja akhale pa chiwongolero, muwauze mwaulemu kuti muli ndi mfuti ya laisensi ndiponso pamene ili, ndipo musaweramire ku mwendo pokhapokha iwo atakuuzani, chifukwa wapolisi akaona munthu akuwerama mwadzidzidzi m'galimoto saganiza zabwino. Mfuti m'dziko muno zimayendetsedwa ndi lamulo la 1967, ndipo kaundula wake amasungidwa ndi Registrar of Firearms ku likulu la polisi ku Area 30 mu Lilongwe. Musanawononge ndalama pa holster iliyonse, pitani ku polisi ya pa boma ndi mapepala anu mukafunse zimene laisensi yanuyo ikukulolani pa nkhani yoyenda nayo pagulu.

Wampunga wa ku Linga

Zikomo kwambiri akuluakulu ndi inu mayi. Mfuti yanga ndi ya gulu lolemera lija, choncho za pa kakolo ndi za mu jombo ndazisiya. Ndikaonana ndi apolisi sabata ino, ndipo ndayamba kale kufunsa alimi amene ndimagula nawo kawirikawiri kuti ndi angati angavomere kulipidwa pa foni nyengo yokolola ikubwerayi.