Ndikuwomba motengera kente koma ndi nsanza, kodi ndikuba mwambo wa eni ake?

wophunzira_kuwomba:
Moni nonse. Ndatha miyezi isanu ndikuphunzira kuwomba nsalu pa chimango chamatabwa chomwe ndinakhoma ndekha. Chinandikopa ndi kente ya ku Ghana, momwe amawombera timizere ta masentimita pafupifupi 10 m'lifupi kenako nkutisokerera pamodzi. Ulusi woimirira ndimaika wa thonje, koma wopingasa ndimang'amba madiresi a malemu amayi anga. Ikadzatha ndikufuna ndiipachike pakhoma, ndiziwaona tsiku lililonse. Koma mtima sukukhazikika. Kodi ndili ndi ufulu wotengera kawombedwe ka anthu ena? Chinanso, m'mbali mukumalowa mkati, pakati nkuning'a ngati chiuno cha mavu. Ndikulakwitsa pati?

gogo_wa_ulusi:
Mwanawe, pepa ndi imfa ya mayi ako. Za m'mbalizo ukukoka kwambiri. Nsanza ukaipititsa usaiwongole, uisiye itakhota ngati uta, kenako uitsindire ndi chipeso. Imafuna mpata chifukwa ikuyenda pamwamba ndi pansi pa ulusi uliwonse. Uziyezanso m'lifupi pafupipafupi.

wokonda_zaluso:
Achemwali, kuwomba timizere si kwa Ghana kokha. Ayoruba ku Nigeria amatero ndi aso oke, ndipo bogolan ya ku Mali nayonso ndi timizere tosokerera tomwe amatilemba ndi matope. Pofunika kusamala mpa mapatani. Kwa Aasante ndi Aewe, mitundu ya anthu yomwe imawomba kente ku Ghana, mapatani ake ali ndi mayina ndi matanthauzo, ena kale ankavala mafumu okha. Mu 2024 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika luso la kente pa mndandanda wake wa miyambo ndi maluso a makolo a padziko lonse. Ineyo ndingati musakopere mapataniwo, ndipo yanuyo musaitche kente. Owomba a ku Bonwire, mudzi wa ku Ghana wotchuka ndi kente, akuvutika kale ndi nsalu zodinda pamakina zomwe zimabera dzinali.

mphunzitsi_wopuma:
Mayi, taonaniko ntchito za El Anatsui, katswiri wa zaluso, mbadwa ya ku Ghana. Amaphwatalalitsa zitsekerero za mabotolo nkuzilumikiza ndi waya wa kopa, zimalendewera pakhoma ngati nsalu yaikulu. Ukaziona kente imabwera m'maganizo, komatu sanakopere patani ya munthu.

wophunzira_kuwomba:
Zikomo nonse. Agogo, ndayesa madzulo ano, mizere khumi yatuluka yowongoka bwino. Mapatani ndiwasiya. Mitundu ndiitsatira momwe amayi ankavalira, kuyambira diresi lobiriwira lija ankapita nalo kutchalitchi.