Mustang GT kapena BMW M4, alipo wayendetsapo zonse ziwiri?

Chiko_88:
Akuluakulu ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndakhala ndikusunga kandalama kwa zaka ndithu kuti tsiku lina ndidzagule galimoto ya zitseko ziwiri yongosangalala nayo pa wikendi, osati yopitira kuntchito ayi, ndiye pano zatsala ziwiri mmutu mwanga, Ford Mustang GT ya 2018 ija ya injini ya V8 ya malita 5.0, ndi BMW M4 yoyamba ija inatuluka mu 2014 ya masilinda 6 ndi matebo awiri. Papepala zikuoneka ngati sizikusiyana kwambiri, mphamvu ya injini Mustang 460 hp, M4 425 hp, zonse zimakankha ndi matayala akumbuyo, zonse zimapezeka za giya yamanja. Mustang ndinaimvapo ikulira ndili pafupi, mwini wake atangoiliza mmawa injini ikadali yozizira, phokoso lake ndinkachita kulimva pachifuwa ndipo mtima wanga unatsalira pomwepo. Koma aliyense amene ndamufunsa akuti za ku America zimangodziwa msewu wowongoka, pakona zilibe ntchito. Kodi zimenezi zikadali zoona? Ndikufuna kumva kwa amene anagwirapo chiwongolero chake, manambala ndawerenga mpaka ndatopa.

MdalaV8:
Achimwene, amene akukuuzaniwo akunena za kale. Mbiri imeneyo inachokera kutali ndipo inali ndi chifukwa chake. Zinthuzi zinayamba cha mu 1964 pomwe Pontiac anatenga injini yaikulu nkuiika mu galimoto yapakatikati nkuitcha GTO, chaka chomwecho Mustang inatuluka, kenako Chevrolet Camaro ndi Dodge Challenger zinatsatira. Nthawi imeneyo petulo ku America anali wotchipa, misewu yotakata, ndipo mpikisano wa anyamata unali wa mamita 402 basi, kuyambira pongoima mpaka pamzere. Ndiye opanga ankaika mtima pa injini, zamabuleki ndi zamakona nkumaziona pambuyo. Vuto la mafuta la 1973 litabwera zonsezo zinazilala kwa zaka zambiri.

Pafupifupi Mustang iliyonse mpaka 2014 kumbuyo kwake kunali ekiselo imodzi yolumikiza matayala onse awiri, ndiye tayala limodzi likagunda bampu pakona linzake limamvanso, galimoto nkudumphira pambali. Ine ndinayendetsapo yotero ndipo umayenera kuipatsa ulemu. Koma kuyambira ya 2015 tayala lililonse kumbuyo limayenda palokha, ndipo ya 2018 mukunenayo mukapeza yokhala ndi Performance Pack ili ndi mabuleki a Brembo akuluakulu kutsogolo, zina zilinso ndi mashoko a MagneRide odzisintha okha kulimba kwake malinga ndi msewu. Imeneyo ndi galimoto ina kotheratu. Ndipo amene akuti aku America sadziwa makona akaone zimene Camaro ZL1 1LE inachita mu 2017 pa bwalo la mpikisano la Nürburgring, kwawo kwa Ajeremani komweko, makilomita oposa 20 a makona okhaokha inawamaliza mphindi 7 ndi masekondi 16.

Yotsala ndi mtima wakale uja ndi Challenger, makamaka Hellcat ya 707 hp, imalemera pafupifupi matani awiri ndipo siibisa kuti ntchito yake ndi msewu wowongoka. Koma inu simukufunsa imeneyo.

Chimene ine ndimaikondera V8 yopanda tebo ndichoti ukaponda pang'ono imakupatsa pang'ono, ukaponda kwambiri imakupatsa kwambiri, mphamvu ikukwera limodzi ndi kulira kwake mpaka kudutsa 7000 rpm, phazi ndi khutu zimagwirizana. Komanso ganizirani izi, Camaro ndi Challenger anasiya kupanga kumapeto kwa 2023, mwa zitatu zija yatsala Mustang yokha.

Nangozo_M:
A MdalaV8 mwafotokoza bwino koma mwatenga Camaro yomwe inapangidwira pabwalo la mpikisano nkuikira umboni Mustang GT wamba, pamenepo ndiye ndakana. Ine M4 yomweyo ndakhala nayo zaka zitatu, Mustang ndinabwerekapo kwa mnzanga masiku awiri, ndiye ndinena zimene manja anga anamva.

Choyamba ndi kulemera. M4 ndi yopepukirapo, denga lake ndi la carbon, ndipo ukangotembenuza chiwongolero mphuno imalowa pomwepo osakudikiritsa. Mu Mustang boneti ndi lalitali, umakhala ngati uli pansi mkati mwa chinthu chachikulu, pamsewu wopapatiza wa makona otsatizana ndinkangoganiza kuti tayala lakutsogolo lili pati. Mu M4 sindiganiza zimenezo, ndimangodziwa. Ajeremani amapanga galimoto akudziwa kuti ikathamanga pa Autobahn, misewu ikuluikulu ya kwawo, pomwe malo ena palibe malire a sipidi, zambiri amazitsekera pa 250 km/h, ndiye kuima msanga kuchokera pa sipidi yaikulu komanso kusagwedezeka ndi zinthu zimene amayambira, osati zowonjezera pambuyo.

Koma ndikuchenjezeni a Chiko, musaganize kuti ya ku Germany ndiye yofatsa. Injini ya M4, yotchedwa S55, imatulutsa mphamvu yokankhira ya 550 Nm isanafike nkomwe pa 2000 rpm, mphamvu imangobwera yonse nthawi imodzi. Mwezi wanga woyamba kunagwa kamvula kowaza, ndikutuluka pakona pa giya 2 ndinaponda msanga chiwongolero ndisanawongole, kumbuyo kunangoti see kupita pambali, kanyali ka traction, chothandiza matayala kuti asaterereke, kakuphethira pa dashibodi, manja anga anachita thukuta mpaka ndinakaima kaye pambali. Cholakwa chinali changa, matayala akumbuyo anali atatha ndipo ndinkadziwa. Chiyambire tsiku limenelo matayala sindinyengerera ndipo batani lozimitsira traction sindilikhudza pamsewu wa anthu onse.

Pa nkhani ya kulira ndiye sindilimbana nanu, Mustang yapambana kutali. M4 mawu ake ena amachita kuwonjezera kudzera mmasipika a mkati, ndipo ukadziwa zimenezo zimakukhala pamtima pang'ono.

SipanalaTeni:
Ine ndilankhula ngati makaniko, chifukwa galimoto zoterezi anthu amazikonda pogula koma amadzazidziwa zikafika pagalaja. Mukatsegula boneti la Mustang mumaona injini, dzanja limalowa, mapulagi mumawafikira osamasula theka la galimoto. Mukatsegula la M4 mumaona mapaipi, matebo awiri, intercooler yoziziritsa mpweya wa matebo ndi madzi pamwamba, maradiyeta angapo kutsogolo, zonse zothithikana ndipo zonse zimatentha. Sikuti ndi yoipa ayi, inapangidwa mwaluso kwambiri, koma chilichonse chowonjezera ndi chinthu china chodzatha tsiku lina, ndipo pafunika munthu wa kompyuta yake yoyenera. Mukamagula yogwiritsidwapo kale funsani ngati anaichuna, chifukwa ambiri amakweza mphamvu ya matebo, ndipo nkhani ya crank hub, kachitsulo ka kutsogolo kwa injini kamene nthawi zina kamaterereka nkusokoneza kayendedwe ka injini, imene eni ake amakambirana kwambiri imamveka makamaka pa zochunidwazo. Mustang nayo yang'anani matayala akumbuyo ndi kilachi, ili ndi line lock yochokera nayo kufakitale, yogwira mabuleki akutsogolo okha kuti munthu azungulitse matayala mpaka utsi, ndiye mwini wake woyamba mwina ankaisewera tsiku ndi tsiku.

Chinanso chimene chimandisangalatsa pa mkanganowu, malire ake si owongoka ngati mmene anthu amaganizira. Challenger ya otomatiki imagwiritsa ntchito giyabokosi ya magiya 8 yomwe pulani yake ndi ya ZF, kampani ya ku Germany, ndipo M4 Competition yatsopano ilinso ndi ZF ya magiya 8. Zina za kunsi kwa Challenger zinachokera ku Mercedes nthawi imene Daimler ndi Chrysler anali kampani imodzi, 1998 mpaka 2007. Kwinaku Mercedes C63 yakale ija ya V8 ya malita 6.2 yopanda tebo, imeneyo ndi muscle car, galimoto ya injini yaikulu ngati za ku America zija, yolankhula Chijeremani basi, imadya matayala ndi petulo mofanana ndi za ku Detroit ku America. BMW M3 yakale ya E92 nayonso inali V8 ya malita 4.0 yokwera mpaka kudutsa 8000 rpm. Pambuyo pake C63 anadzaiika masilinda 4 ndi batire, mphamvu zambiri kuposa kale koma anthu ambiri sanaikonde, zomwe zikundiuza kuti Chiko sakulakwa kutsatira khutu lake.

Chiko_88:
Zikomo nonse, apa ndiye mwanditsegula maso, makamaka za kuchuna zija sindinaziganizeko. A Nangozo, nkhani yanu ya mvula yandiopsako chifukwa ine sindinayambe ndakhalapo ndi galimoto yokankha kumbuyo yamphamvu chonchi. Nanga pa giya mukuti bwanji, yamanja kapena otomatiki? Ndamva kuti otomatiki ya M4 yotchedwa DCT ndi yachangu kwambiri, ndipo Mustang ya 2018 ili ndi otomatiki ya magiya 10.

Nangozo_M:
Yanga ndi DCT ya magiya 7, imasintha msanga kuposa dzanja la munthu aliyense ndipo ikuyenerana ndi injini ya matebo, sindinong'oneza bondo. Koma Mustang ndinabwereka ija inali yamanja ndipo ndikuuzeni zoona, kutsika kuchoka pa 4 kupita pa 3 nkumva V8 ikuyankha kumbuyo kwako, ndinkangotsitsa giya ngakhale popanda chifukwa. Mukasankha Mustang tengani yamanja. Ndipo popeza ndi koyamba, mwina V8 yopanda tebo ikuphunzitsani bwino chifukwa siikudzidzimutsa, ngakhale ine mwini ndikanagulanso M4. Pitani mukaziyese zonse tsiku limodzi, msewu umodzimodzi wokhala ndi makona ndi mabampu, wailesi muzimitse, ndipo musanalize injini gwadani muone chaka chimene chalembedwa pambali pa matayala.