Kodi Colin Powell nyenyezi zinayi zija za ujenerale anazipeza kunkhondo kapena muofesi?

Mphunzitsi wa ku Kaphatenga:
Abale, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wachisamba wamaliza digiri, koma wakakamira zoti akalowe usilikali, akufuna akaphunzire za uofesala pa MAFCO kwathu konkuno ku Salima. Mayi ake tulo sakuona nato. Tikati timukambe, iye amangotchula Colin Powell, ati anali mwana wa anthu wamba ochokera ku Jamaica, ku West Point, sukulu yotchuka ya maofesala ku America, sanapondeko, koma anafika polamula asilikali onse a America. Inu amene munavalapo yunifolomu, munthu ameneyu anakwera chifukwa chomenya nkhondo, kapena kunali kudziwana ndi akuluakulu?

Sajeni wopuma, Senga Bay:
Aphunzitsi, mwanayo sakunama, koma wangokupatsani mbali yokoma. Powell anabadwira ku Harlem, mumzinda wa New York, mu 1937, n'kukulira ku South Bronx. Ku City College of New York amaphunzira za miyala, ndipo kumeneko ndi kumene analowa maphunziro a usilikali a ana asukulu otchedwa ROTC. Anatuluka mu 1958 ali lefutenanti, nyota yoyambirira penipeni.

Fumbi analipuma ndithu. Ku Vietnam anapitako kawiri. Ulendo woyamba, mu 1963, akuyenda m'tchire ndi asilikali a dzikolo, anaponda msampha wa nsungwi yosongola, n'kumubaya phazi. Amene anayendapo mtunda wautali atavala jombo akudziwa kuti phazi likatupa, msilikali watha. Ulendo wachiwiri, mu 1968, helikopita imene anakwera inagwa, iye n'kumasolola anzake m'zitsulo zija ali wovulala, jenerale wake ali m'gulu la opulumutsidwawo. Pambuyo pake anakalamulira bataliyoni ku South Korea.

Pamene ndikuwongoleni ndi apa: udindo umene anaupeza mu 1989, wa wapampando wa akuluakulu a magulu onse ankhondo, si wolamula kumalo omenyanirana. Ntchito yake ndi kulangiza pulezidenti ndi nduna ya zachitetezo. Pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, amene anali m'chipululu ndi asilikali anali Jenerale Norman Schwarzkopf. Powell anali ku Washington. Komabe kufika pamenepo ali ndi zaka 52, wakuda woyamba, si masewera. Anavula yunifolomu mu 1993 atatumikira zaka 35.

Mnyamata wa pa Kamuzu Road:
A Sajeni, mwadumpha pakatipo, pomwe pali yankho la funso la aphunzitsi. Atabwerako ku Vietnam anakatenga digiri yachiwiri ya zamalonda ku George Washington University, ndipo mu 1972 anasankhidwa kukaphunzira ntchito ku White House. Kumeneko anadziwana ndi akuluakulu awiri a m'boma, Caspar Weinberger ndi Frank Carlucci. Weinberger atakhala nduna ya zachitetezo, Powell anadzakhala womuthandiza muofesi. Mu 1986 anamupatsa gulu lalikulu la V Corps ku Germany, koma sanakhalitseko, Carlucci anamuitanitsa, ndipo pofika 1987 Powell anali mlangizi wa Pulezidenti Reagan pa zachitetezo. Ndiye musatiuze kuti zonse ndi jombo ndi mfuti.

Sajeni wopuma, Senga Bay:
Mphwanga, sindikukana. Koma akuluakulu amayandikana ndi anthu ambirimbiri, amene amamuitanitsanso kachiwiri ndi amene ntchito yake anaiona. Ofesala wosadziwa kulemba lipoti lomveka amakalambira pa ukaputeni, ngakhale alimbe mtima bwanji. Ndinawaona otere, akatswiri pa perete ndi patchire, koma pepala likabwera thukuta kamukamu.

Mayi wa ku Nkhotakota boma:
Inu nonse mukuwerenga nyenyezi, ine ndili kumbali ya mayi a mwanayo. Mlongo wanga anapitako ku DRC, ndipo mu November 2018, pamene asilikali athu 6 anaphedwa kufupi ndi Beni, kunyumba kwathu nsima sinadyedwe mpaka tsiku limene anaimba foni. Powell wanuyo musaiwalenso za 2003. Ali nduna yoona zakunja, anakaima ku United Nations n'kunena kuti Iraq ili ndi zida zoopsa, anthu ambiri akumukhulupirira chifukwa cha mbiri yake ya usilikali ija. Zidazo sizinapezeke, ndipo mwini wake anadzavomera kuti nkhaniyo inamudetsera mbiri. Amene anakafa kumeneko anali ana a eni. Aphunzitsi, mwanayo mumuuzenso zimenezi.

Mphunzitsi wa ku Kaphatenga:
Zikomo nonse. Za 2003 sanatchulepo n'kamodzi komwe, ndimufunsa madzulo ano pamaso pa mayi ake. A Sajeni, Loweruka mudzakhala muli pakhomo? Ndikufuna ndibwere naye ku Senga Bay, mumuuze nokha za phazi lotupa lija, chifukwa kuthamanga kwake pakali pano kumathera pa bwalo la mpira.