Ana chimfine sichikutha, ine thupi kuphwanya: kodi ndi nyengoyi?

Mayi wa ku Leeds

Moni nonse. Ndithandizeni maganizo inu amene mwakhalitsa kuno ku UK. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, mashifiti ausiku, bambo a kunyumba amagwira masana. Ana athu awiri anatipeza mu Epulo kuchokera ku Lilongwe, ndiye nyengo ino akuiona koyamba. Chitsegulireni sukulu kumayambiriro kwa Sepitembala, chimfine m'nyumba muno sichikutha. Wamkulu akachira, wamng'ono wayamba. Wamng'onoyo usiku akumatsokomola mpaka bambo ake kudzuka kukamufunditsira madzi.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwenikweni ndi thupi langali. Ndikaweruka m'mawa ndimaperekeza ana kusukulu, kenako kugona. Ndikamadzuka ndimamva ngati ndalima tsiku lonse. Miyendo kuphwanya, msana kuwawa, povundula nsima mkono kuchita kulemera. Chaka chatha zinkandichitikiranso koma ndinkangoti ndi ntchito. Mtima nawonso sukukondwa. Ndikaimba kumudzi amayi amandiuza kuti kwatentha zedi, akusosa m'munda, ine foni ikangoduka misozi ili mbwembwembwe, chifukwa chake osachidziwa.

Chinanso, mazenera m'mawa akumakhala madzi okhaokha, ndipo kuseri kwa wadilobu kuchipinda kwa ana kwayamba madontho akuda. Kusukulu nako atumiza kalata yoti ndisaine za katemera wa chimfine. Ndisaine? Nanga kutopaku ndipite nako kwa GP, dokotala wa kudera kwathu kuno, kapena akangondiuza kuti ndikapume?

Namwino wa ku Manchester

Achemwali, pepani. Kwa GP pitani, musachite manyazi. Poimba foni musangoti "ndatopa". Nenani kuti kutopaku kwatenga milungu ingapo, mafupa akuwawa, ndipo mukupempha kuyezedwa magazi. Kawirikawiri amaona ngati magazi ndi ochepa, shuga, thyroid (chithokomiro) ndi vitamini D. Za kulirazo muwauzenso, osabisa. Ife timakonda kubisa za mumtima poganiza kuti si matenda, koma kuno madokotala amadziwa kuti masana akayamba kufupika anthu ambiri amagwa mphwayi, ndipo thandizo lake lilipo.

Vitamini D ndiye ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ambirife tinabwera osaidziwa. Kwathu thupi limaipanga lokha tikamayenda padzuwa. Kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa lilibe mphamvu yoti khungu lipange vitaminiyi, ngakhale kunja kuoneke kowala. A NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, amalangiza aliyense kumwa mamaikologalamu 10 patsiku m'miyezi imeneyi, ndipo kwa ife akhungu lakuda amati ndi bwino chaka chonse, popeza khungu lathu limafuna dzuwa lambiri kuti lipange mlingo womwewo. Tsono inu ndi ausiku: kadzuwa kochepa komweko kamakupezani muli m'bulangete. Mapilitsi ake ali m'masupamaketi ndi m'mafamase, otchipa, safuna kalata ya dokotala. Ana anu nawonso azimwa, alipo amadontho ndi otafuna. Musawonjezere mlingo mwa nokha poganiza kuti muchira msanga. Akakupezani kuti yatsika kwambiri, dokotala ndi amene adzakupatseni yamphamvu. Pa ndiwo muziikako sadini, mackerel ndi mazira, koma chakudya chokha sichikwanira.

Za ana, chimfine cha potsegulira sukulu chimagwira nyumba zambiri, nanji anu angofika kumene. Chifuwa chotere chimatha kutenga milungu itatu. Madzi ofunda ndi uchi amathandiza kwa mwana woposa chaka chimodzi. Chonde musawapatse Amoxil kapena Bactrim amene munabwera naye m'chikwama, sachiza chimfine. Koma chikapyola milungu itatu, kapena mwana akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, pitani naye ndipo munene kuti wachokera ku Malawi chaka chino kuti aganizirenso za TB. Akamapuma mobanika, nthiti kulowa mkati, musadikire kuti kuche: imbani 999, nambala yoitanira ambulansi. Zina zokayikitsa usiku, imbani 111, nambala ya NHS yofunsira malangizo.

Kalatayo sainani. Kwa ana ambiri si jakisoni, amangowafayira m'mphuno. Inunso funsani kuntchito za katemera wanu, osamalira okalamba amalandira mwaulere.

Bambo wa ku Leicester

Mlongo wanga, za thupi anamwino anena. Ine ndilankhule za madontho akudawo, chifukwa imeneyo ndi nkhungu ndipo ikhoza kukhala ikuwonjezera chifuwa cha mwanayo. Si yochita nayo masewera. Mu 2020 ku Rochdale mwana wazaka ziwiri, Awaab Ishak, anamwalira chifukwa cha nkhungu ya m'nyumba, nkhani yake inagwedeza dziko lino.

Madzi a pazenerawo amachokera m'nyumba momwemo: mpweya umene tikupuma, zovala zoyanika pa hita, kusamba, ndi kaphikidwe kathu. Nyemba zikabwata maola atatu mphika wosavundikira, mazenera onse otseka poopa kuzizira, nthunzi yonseyo imakathera pakhoma lozizira. Ife tinayamba kuvundikira miphika, kuyatsa fani ya kukhitchini, ndi kutsegula zenera la kuchipinda kwa mphindi zochepa m'mawa uliwonse ana akangotuluka. Madziwo muzipukuta tsiku ndi tsiku. Wadilobuyo isunthireni patsogolo pang'ono kuti mpweya uzidutsa kuseri. Ndalama ikapezeka gulani dehumidifier, makina ochotsa chinyezi mumpweya, mudzadabwa madzi amene imatunga usiku umodzi.

Ndikudziwa bilu ya gasi imaopsa, tonse timaiopa. Koma chipinda cha ana chisamatsike pansi pa madigiri 18. Ndipo mbaula kapena makala a braai asalowe m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, nyumba za kuno n'zotsekeka, utsi wake umapha anthu ali m'tulo.

Jambulani madonthowo lero, mutumize kwa eni nyumba pa imelo kuti pakhale umboni. Eni nyumba athu akale ankangoti tizitsegula mazenera, kufikira tinadandaula ku khonsolo, ku nthambi yoona za ukhondo wa nyumba. Atabwera anapeza kuti ngalande ya padenga imadonthera kukhoma.

Chemwali wa ku Bradford

Kungowonjezera kwa Asilamu anzanga amene akuwerenga: katemera wa m'mphunoyo muli gelatine wochokera ku nkhumba. Ngati mtima sukulola, mukhoza kupempha wa jakisoni amene alibe. Anga analandira ameneyo.

Asisi, mawu anu aja a foni ya amayi andikhudza. Inenso Okutobala amandivuta. Dziwiranitu kuti Lamulungu lomaliza la mweziwu mawotchi abwerera m'mbuyo ola limodzi, ndiye mdima uziyamba ana atangofika kuchokera kusukulu, ndipo pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Kusiyana ndi kwathu kudzakhala maola awiri, muwauziretu amayi. Chimene chimandithandiza ine n'chakuti ndikadzuka masana sinditsegula TV. Ndimavala jekete n'kupita wapansi kukatenga ana, kudzera kupaki ngakhale kukuwaza. Ndipo musakhale nokha. Bradford ndi Leeds ndi pafupi, sitima sitenga ndi theka la ola lomwe. Pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, ambirife kumtima kumalemera. Ife azimayi angapo timasonkha ndiwo kumapeto kwa sabata imeneyo n'kudyera pamodzi. Bwerani ndi ana.

Mayi wa ku Leeds

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni. Ndaimba kwa GP monga munanenera anamwino, andipatsa tsiku lokatengedwa magazi sabata yamawa, ndipo za kulira zija ndinanena. Kalata ndasaina. Titasuntha wadilobu tapeza kuti nkhungu yafika mpaka pansi pa kapeti, ndiye ana tawasamutsira kuchipinda kwathu, zithunzi tatumiza kale. Achimwene a ku Leicester, eni nyumba munawadikira nthawi yaitali bwanji musanapite ku khonsolo? Asisi a ku Bradford, tibwera ndithu. Ndili ndi usipa ndi mfutso zimene anawa anabwera nazo, nditenga zimenezo.