Thandizeni: masamu a transifoma yanga sakugwirizana

Moni akuluakulu odziwa zamagetsi. Ndili ndi katransifoma kotsitsa magetsi kuchoka pa 230V kufika pa 12V, ndipo pamwamba pake analembapo 60VA (VA ndi mavoti kuchulukitsa ndi maampeya). Ndalumikizako mababu awiri a galimoto, lililonse la 21W. Mbali ya 12V mita ikundipatsa 3.5A, ndiye 12 kuchulukitsa ndi 3.5 ndikupeza 42W. Apa palibe vuto.

Mutu wandizungulira mbali ya 230V. Ndimayembekezera pafupifupi 0.18A, poti 42 kugawa ndi 230 zimabwera choncho, koma mita ikuti 0.25A. Ndikachulukitsa ndikupeza 57.5. Nanga 15.5 yotsalayo ikupita kuti? Ikanakhala kuti yonse ikusanduka kutentha, bwenzi kachipangizoka kakuwotcha dzanja, koma kangofunda pang'ono basi. Chinanso, ndikachotsa mababu onse mita ikuwerengabe 0.12A.

Kodi apa ndi pamene pamalowera nkhani ya power factor (mawati enieni kugawa ndi VA), kuti 57.5 imeneyi ndi VA osati mawati? Ngati ndi choncho, mawati enieni ndingawapeze bwanji popanda wattmeter, mita yoyezera mawati? Ndipo babu lachitatu, lofikitsa katundu pa 63W, lingapsereze waya wam'kati? Zikomo kwambiri.