Majekete a satini andikanika pa makina opetera

Anzanga opeta pa makina, ndithandizeniko nzeru. Ndalandira oda ya majekete a satini 12, onyezimira aja okhala ndi nsalu ina mkati, akufuna dzina la timu kumsana. Ndayamba ndi imodzi yoyesera koma eee zandivuta. Nsaluyi ikuterera ngati mlamba, ndikamangitsa hupu (chopanira nsalu popeta chija) ikusiya mkombero womwe sukuchoka ngakhale ndasita ndi moto wochepa, ndikamasula pang'ono zilembo zikutuluka zopotoka ndipo m'mbali mwake mwangoti kwinyikwinyi.

Chandibalalitsa kwambiri ndi nsalu yamkatiyo. Yakunja ikupita uku iyo ikupita uko, moti pansi pa chilembo chimodzi inapindika singano n'kuisokera pomwepo, kumasula ulusi kwake zibowo zatsala poyera. Kodi inu mumaimasula kaye m'munsi kuti stabilizer (yoika kunsi kwa nsalu kuti ilimbe popeta ija) ilowe pakati, kapena mumangopanira zonse limodzi?

Ndinaika stabilizer ya tear-away (yochotsa pong'amba), ndikuganiza kuti mwina ndi pomwe ndinalakwitsa chifukwa zilembozo ndi zikuluzikulu, ya cut-away (yochotsa podula) ingagwire bwino? Singano ndi ya saizi 75/11 yakuthwa ija. Guluu wopopera ndili naye koma ndikuopa madontho, satini sabisa kanthu. Nanga zokulunga hupu ndi kansalu kofewa zimathandizadi kapena ndi nkhambakamwa chabe?

Komanso pakati pa msana mumalemba ndi chani, choko chikungofufutika ndisanafike n'komwe pa makina. Majekete 11 otsalawa sindikhudza mpaka ndimve kwa inu.